Chidzenje cha ku Ann Arbor: Bwalo la Mpira la Yunivesite ya Michigan

Bwalo la masewero lalikulu kuposa onse m'dziko la United States mwini wake ndi sukulu. Lili mumzinda wa Ann Arbor, m'chigawo cha Michigan, makilomita pafupifupi 70 kumadzulo kwa Detroit, ndipo osewerapo ndi ophunzira a pa Yunivesite ya Michigan, anyamata amene Lolemba m'mawa amayenera kukapezeka m'kalasi ngati anzawo onse. Dzina lolembedwa m'mabuku ndi Michigan Stadium, koma eni ake amangoti The Big House. Muli malo a anthu 107,601. Bwalo la Bingu ku Lilongwe limadzaza ndi anthu pafupifupi 41,000, ndiye kuti mutalidzaza kawiri n'kuwonjezapo theka, khamu lonselo lingalowe mu Michigan Stadium malo n'kutsalako. Mzinda wa Ann Arbor wokha uli ndi anthu pafupifupi 124,000.

Mpira umene umaseweredwa pamenepa ndi uja wa Amereka, wosongoka kuwiri konse, umene osewera ovala zipewa zolimba ndi zotchinga mapewa amaunyamula m'manja, kuponyerana ndi kugwetsana. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11. Pabwalo posewerera ndi potalika mamita pafupifupi 110 koma mulifupi ndi mamita 49 okha, kutanthauza kuti ndi popapatiza poyerekeza ndi pa mpira wamiyendo. Malamulo amati masewero ndi a mphindi 60, koma wotchi imangoimaima, ndipo woonerera amakhala pansi maola atatu kapena kuposerapo. Mpirawu unabadwira m'makoleji: masewero amene amawerengedwa kuti ndi oyamba anali a pakati pa Rutgers ndi Princeton mu 1869, pamene ligi ya akatswiri olipidwa, imene lero ikutchedwa NFL, inayamba mu 1920. N'chifukwa chake oyamba kumanga mabwalo akuluakulu kumeneko anali masukulu, ndipo mpaka lero mabwalo a makoleji ndiwo ali patsogolo pa kukula.

Chodabwitsa cha bwalo la Michigan n'chakuti kwa zaka zambiri munthu wodutsa pamsewu wa Main Street sakanaganiza kuti kuseri kwa mpanda kuli chinthu chachikulu chotere. Gawo lalikulu la bwaloli lili pansi pa nthaka. Mukalowa pachipata mumayenda pamalo osalala, kudutsa pakakhomo kapansi pa mipando, kenaka mwadzidzidzi nthaka imatha kutsogolo kwanu: mizere ya mabenchi ikutsetsereka mozungulira mpaka pansi penipeni pamene pali kapinga. Ambiri mwa oonerera sakwera masitepe pofuna malo awo, amatsika. Mbiri yonse ya bwaloli, zabwino zake ndi mikangano yake, inachokera pa ganizo limeneli lokumba dzenje m'malo momanga nsanja.

Yost ndi maziko ake

Munthu wa ganizoli anali Fielding Yost. Anafika ku Michigan mu 1901 kudzakhala kochi, ndipo chaka choyambacho timu yake inamwetsa anzawo mapointi 550 popanda iyo kumwa ngakhale imodzi. Pa 1 January 1902 inakagonjetsa Stanford 49–0 pa masewero oyamba a Rose Bowl ku California. Mu 1921 Yost anakhala mkulu wa zamasewero pa yunivesite yonse, ndipo anapeza kuti bwalo limene ankagwiritsa ntchito, Ferry Field, lachepa. Linkalowa anthu opitirira pang'ono 40,000, pamene ofuna matikiti a masewero akuluakulu ankachuluka kutalitali. Galimoto zinali zitayamba kufala, makamaka kumeneko kufupi ndi mafakitale a ku Detroit, moti munthu ankatha kunyamuka kutali m'mawa, kuonera mpira masana, n'kukagona kwawo.

Panalinso nsanje. Adani a Michigan pa mpira anali atamanga kale: Ohio State inatsegula bwalo lake la nsanja ziwiri mu 1922, Illinois mu 1923, Minnesota mu 1924. Tsiku lotsegulira mwamwambo bwalo la Illinois mu October 1924, Michigan ndiyo inali mlendo, ndipo mnyamata wina dzina lake Red Grange anaichinya kanayi m'mphindi 12 zoyambirira. Yost sanali munthu wolola kutsalira pa chilichonse.

Si onse pa yunivesite amene anagwirizana naye. Aphunzitsi ena ankati sukulu yayamba kusanduka kampani ya zisudzo, ndipo bwalo lalikulu lidzakulitsa matendawo. Nkhaniyi inakafika ku komiti imene inkatsogoleredwa ndi Edmund Day, ndipo mu 1926 komitiyo inavomereza kuti bwalo limangidwe, koma likhale losadzionetsera, ndiponso ndalama za mpira zithandize masewero a ophunzira wamba. Yost ankalota za anthu 100,000 ndi kuposerapo. Akuluakulu a yunivesite anamuloleza pafupifupi 70,000.

Apa m'pamene nzeru za munthuyu zinaonekera. Anavomera nambala yaing'onoyo, koma anauza akatswiri a kampani ya Osborn Engineering ya ku Cleveland kuti maziko a konkire awaike olimba mokwanira kudzanyamula mipando ina yambirimbiri mtsogolo. Anagonja pa mkangano wa tsikulo, koma chimene ankafuna anachikwirira pansi pamene otsutsana naye sakanachiona. Mizere ina imene inawonjezedwa m'zaka zotsatira inatheka chifukwa cha maziko amenewo.

Kamangidwe kake anatengera Yale Bowl, bwalo la Yunivesite ya Yale limene linatsegulidwa mu 1914. Njira yake ndi yosavuta kuimva: mumakumba dzenje lozungulira, m'mbali mwake mumasalaza motsetsereka, kenaka mumathira konkire pa dothi lomwelo mwamasitepe n'kuikapo mabenchi. Nthaka yeniyeniyo ndiyo imanyamula anthu. Simufunika zipilala zazitali, simufunika denga, ndipo palibe nsanamira yotchinga munthu kuona mpira. N'zotchipa kwambiri poyerekeza ndi nsanja.

Koma walira mvula walira matope. Malo amene anagula anali ndi kasupe pansi, ndipo okumba atafika pakuya anakumana ndi madzi ndi mchenga wotitimira. Ntchito inachedwa, anachita kupopa madzi ndi kuika mipope yowachotsera. Ku Ann Arbor mpaka lero kuli nthano yakuti chimakina china chachikulu chinamira m'matopemo, omanga n'kungochisiya, ndipo chikadali pansi pa bwalo. Ndi nthano yokoma kuifotokoza pamene anthu akudikira mpira, ndipo tiisiye pomwepo. Chimene chili choona n'chakuti madzi apansiwo sanachoke, ndipo tidzakumana nawonso pa nkhani ya kapinga.

Ndalama nazo Yost anazipeza mwanjira yakeyake. Mayunivesite ena ankapempha zopereka kwa amene anaphunzirapo kale, n'kutcha mabwalo awo zikumbutso za asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Iye anagulitsa zikalata za ngongole, chimodzi $500, zobweza chiwongoladzanja chochepa. Chokopa sichinali chiwongoladzanjacho ayi. Wogula chikalata ankapatsidwa ufulu wogula matikiti a malo abwino, cha pakati pa bwalo, kwa zaka khumi. Tisaiwale mfundo imeneyi, chifukwa okonda bwaloli amakonda kunena kuti kale onse ankakhala mofanana: kuyambira tsiku loyamba, ndalama ndiyo inkasankha amene akhale pakati ndi amene akhale kuseri kwa golo.

Bwalo linatha mu 1927 pa mtengo wa $950,000. Linali ndi magawo 44, mizere 72, malo a anthu 72,000, ndipo Yost sanachedwe kuikanso mabenchi a matabwa pamwamba mozungulira kuti anthu ena 10,000 apeze pokhala. Masewero oyamba anali pa 1 October 1927, tsiku la mvula, ndipo Michigan inagonjetsa Ohio Wesleyan 33–0. Mwambo wotsegulira unachitika pa 22 October, mlendo ali Ohio State. Kunabwera anthu 84,401 ndipo Michigan inapambana 21–0. Mu 1930 anaika mabolodi amagetsi oonetsa nthawi ya masewero, chinthu chimene chinali chachilendo m'mabwalo a nthawi imeneyo.

Kenaka chuma cha dziko chinagwa. M'zaka za m'ma 1930 mabenchi ambiri ankakhala opanda anthu, ndipo amene ankati Yost wamanga chinthu choposa msinkhu wa sukulu anaoneka ngati ananena zoona. M'zaka zomwezo bwaloli linaona chinthu chochititsa manyazi. Mu October 1934 timu ya Georgia Tech, yochokera kum'mwera kumene tsankho linali lamulo, inakana kulowa m'bwalo ngati Michigan iseweretsa Willis Ward, wosewera wakuda amene analinso katswiri wothamanga. Michigan inamvera alendowo, Ward sanasewere. Yost, mwana wa msilikali amene anamenyera mbali ya kum'mwera pa nkhondo yapachiweniweni, ndiye anali mkulu wa zamasewero amene anakonza masewerowo. Mnzake wa Ward m'timumo anali Gerald Ford, amene anadzakhala pulezidenti wa dzikolo mu 1974. Ward anadzakhala woweruza milandu ku Detroit.

Mpando umodzi wapamwamba

Wolowa m'malo mwa Yost anali Fritz Crisler, kochi amene anabweretsa zipewa zokhala ndi chizindikiro chonga mapiko zimene timuyi imavala mpaka pano. Nkhondo yachiwiri itatha anthu anabwerera ku mpira, ndipo mu 1949 Crisler anachotsa mabenchi a matabwa aja n'kuika mizere yachitsulo, malo n'kufika 97,239. Mu 1956 anawonjezanso, pamodzi ndi nyumba yatsopano ya atolankhani, ndipo nambala inakhala 101,001.

Kanambala komalizako, ka 1, kakhalapo kuyambira pamenepo: 101,701 mu 1973, 102,501 mu 1992, 107,501 mu 1998, 109,901 mu 2010, ndi 107,601 kuyambira 2015. Mwambo umati mpando umodziwo ndi wa Crisler, ndipo yunivesite siulula pamene uli.

Kukhala ndi malo 101,001 ndi nkhani ina, kuwadzaza ndi inanso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 masewero ambiri ankachitika mbali yaikulu ya bwalo ilibe anthu. Amene anasintha zinthu ndi Don Canham, kochi wa othamanga amenenso anali wabizinesi, yemwe anakhala mkulu wa zamasewero mu 1968. Canham anagulitsa mpira wa sukulu monga amagulitsira katundu wa m'sitolo. Anatumiza timapepala toitanira anthu m'makomo ambirimbiri, ankaitana mabandi a masukulu a sekondale kuti adzadzaze malo opanda anthu, ndipo anakopa amayi ndi mabanja powauza kuti Loweruka la mpira ndi tsiku locheza, lodyera panja pafupi ndi galimoto. Analembanso kochi Bo Schembechler, amene m'chaka chake choyamba, pa 22 November 1969, anagonjetsa Ohio State 24–12 pamene timuyo inkaonedwa ngati yosagonjetseka.

Zotsatira zake zili m'mabuku a pachipata. Pa 25 October 1975, tsiku limene kunabwera Indiana, kanali komaliza kuti masewero a timuyi pakhomo aonedwe ndi anthu osakwana 100,000. Kuyambira pa 8 November chaka chomwecho, masewero alionse olola oonerera akhala ndi anthu oposa nambala imeneyi, timu ili pabwino kapena ikuvutika, kuli dzuwa kapena chisanu choopsa cha mu November. Chaka cha 2020 chokha, cha mliri wa Covid-19, ndicho mpira unaseweredwa zipata zili zotseka.

Wina angafunse kuti zimatheka bwanji kulengeza anthu 110,000 kapena 112,000 m'bwalo la malo 107,601. Yankho n'lakuti amawerenga aliyense amene ali mkati mwa mpanda: oimba bandi, atolankhani, ogulitsa zakudya, alonda. Komanso malo a munthu mmodzi pa benchi ndi nambala chabe yolembedwa pa chitsulo, ndipo ndi opapatiza. Nyengo yozizira, aliyense atavala majekete awiriawiri, mzere umodzi umathina moti wobwera mochedwa amachita kupempha kuti anzake asunthe.

Kapinga ndi madzi

Mu 1969 Canham anachotsa udzu n'kuyala kapinga wapulasitiki, amene panthawiyo ankaoneka ngati tsogolo la masewero. Kapinga wa nthawi imeneyo anali wouma, wosupula khungu ndi wopweteka mawondo, ndipo mu 1991 anabwezeretsa udzu weniweni. Pochita zimenezi anakumbanso pansi, kutsitsa posewerera ndi mita imodzi, kuti okhala m'mizere yoyambirira aziona pamwamba pa mitu ya osewera oima m'mbali. Koma pansi pa dzenje lakuya, pafupi ndi madzi a kasupe uja, udzu sunagwire bwino. Unkazuka ngati zibuluma osewera akamakankhana. Mu 2003 anagonja n'kuika kapinga wopanga wamtundu watsopano wa FieldTurf, wokhala ndi timibulu ta labala pakati pa udzu wake, ndipo mtundu umenewu ndiwo ulipo mpaka lero.

Nkhondo ya manambala ndi zipinda za mabwana

Mu 1996 Yunivesite ya Tennessee inakuza bwalo lake la Neyland mpaka kuposa la Michigan ndi mipando yowerengeka chabe. Ku Ann Arbor sanagone nazo tulo. Mu 1998 anawonjeza mizere ina pamwamba, anaika mabolodi a kanema, ndipo kunja anazunguliza chilamba chachitsulo chachikasu ndi buluu, mitundu ya timuyi, chokhala ndi zilembo zikuluzikulu. Ochemerera anachida chilambacho. Ankati bwalo lawo laulemu lasanduka ngati malo a zidole, ndipo patangotha nyengo ziwiri za mpira chinachotsedwa. Mizere yowonjezedwayo inatsala.

Mkangano waukulu unabwera patapita zaka zochepa. Pofika m'ma 2000 bwaloli linali litakalamba: zimbudzi zochepa, tinjira tapakati pa mabenchi topapatiza ndi topanda zogwirira, nyumba ya atolankhani ya mu 1956. Akuluakulu, motsogozedwa ndi Bill Martin wa zamasewero ndi Mary Sue Coleman mkulu wa yunivesite, anakonza zomanga nyumba ziwiri zazitali za njerwa, ina kum'mawa ina kumadzulo kwa dzenje. M'nyumbazi munayenera kukhala zipinda zagalasi zoposa 80 zobwereketsa kwa makampani ndi anthu olemera, mipando yawofuwofu pafupifupi 3,000 yokhala ndi malo odyera, zikepe, ndi malo atsopano a atolankhani. Mtengo wake unali $226 miliyoni, ndipo ndalamazo zinayenera kubwezedwa ndi lendi ya zipindazo.

Gulu la okonda bwaloli, lotsogoleredwa ndi John Pollack amene kale ankalembera malankhulidwe Pulezidenti Bill Clinton, linakana. Mfundo yawo inali yakuti ulemerero wa Michigan Stadium ndi woti bwana ndi wantchito wake amakhala pa benchi imodzimodzi, mvula ikagwa onse amanyowa. Mfundoyi ili ndi choona chake, ngakhale taona kale kuti zikalata za Yost zinagawa anthu kuyambira pachiyambi. Kusiyana kwake n'kwakuti kugawa kwa kale kunali kosaoneka: benchi ya pakati ndi ya kuseri kwa golo zinali zofanana kuuma. Galasi limaoneka, ndipo amene ali kunja kwake amadziwa.

Amene anali ndi mlandu wolimba kwambiri anali ena. Mu 2007 bungwe la asilikali opuma olumala la Michigan Paralyzed Veterans of America linasumira yunivesite kukhoti. Bwalo la anthu oposa 107,000 linali ndi malo osakwana 100 a anthu oyenda pa njinga za olumala, ndipo onse anali kuseri kwa magolo. Lamulo la dzikolo la mu 1990 loteteza anthu aulumali limati nyumba yakale ikasinthidwa kwambiri iyenera kutsatira miyezo yatsopano. Yunivesite inkati ntchito yothiranso konkire m'dzenjemo, imene inachitika pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, inali kukonza chabe, osati kusintha. Boma linalowererapo kumbali ya odandaula, ndipo mu March 2008 anagwirizana kuti pofika 2010 pakhale malo osachepera 329, ena mwa iwo m'mbali mwa bwalo momwe mpira umaoneka bwino. Njinga imodzi imadya malo a anthu angapo a pa benchi, choncho kwa nyengo ziwiri, 2008 ndi 2009, nambala inatsika kufika 106,201 ndipo ulemu wa bwalo lalikulu unapita ku Beaver Stadium ya Penn State. Kuti sukulu ya maphunziro apamwamba inachita kukokeredwa kukhoti pa nkhani yotere, pamene inali kale ndi mapulani a zipinda za mabwana, si mbali yonyaditsa ya mbiriyi.

Nyumba ziwirizo zinatha mu 2010, ndipo zinabweretsa phindu limodzi limene ngakhale otsutsa amalivomereza. Dzenje lotambalala lopanda denga limataya phokoso kumwamba, ndipo kwa zaka zambiri matimu obwera ankaseka kuti palibe kwina kumene anthu 100,000 amakhala chete chonchi. Pa mpira umenewu phokoso ndi chida: timu imene ili ndi mpira imadalira kumva mawu a wotsogolera wake isanayambe kusuntha, ndiye ochemerera amakuwa dala kuti alendo asamvane. Makoma atsopanowo, aatali kuposa mzere wapamwamba wa mabenchi, amabweza phokoso m'dzenje. Bwaloli lasiya kubisala kwa wodutsa pamsewu, koma layamba kuopsa kwa mlendo.

Mpita umodzi

Chinthu chimodzi cha mu 1927 chimene sichinasinthe kwenikweni ndi njira yolowera osewera. Popeza posewerera pali pansi pa dzenje, pali mpita umodzi wokha, kumbali ya kum'mawa, wotulukira pakati penipeni pa bwalo. Matimu onse awiri, oyimbira, bandi ya yunivesite, ngakhale galimoto zonyamula katundu, onse amadutsa momwemo. Zipinda zovalira za matimu awiriwa zili kumtunda kwa mpitawo, moyandikana. Osewera a Michigan akatuluka amathamangira pakati pa bwalo n'kudumpha kukhudza chinsalu chachikulu chimene amachikweza m'mwamba, mwambo umene unayamba mu 1962. Mu 2022 mpitawu unapatsidwa dzina la Lloyd Carr, kochi amene anatsogolera timuyi pa ukatswiri wa dziko lonse mu 1997.

Kudutsitsa anyamata amphamvu oposa 100, amene angotha kumene kugundana kwa maola atatu, pa njira imodzi yopapatiza, n'kuika moto pafupi ndi udzu wouma. Pa 29 October 2022, masewero ndi Michigan State atatha, osewera ena a timu yogonjayo anamenya osewera awiri a Michigan mumpitamo, makamera akujambula. Michigan State inaimitsa osewera asanu ndi atatu, ena anatengeredwa kukhoti, ndipo ligi ya Big Ten inalipiritsa sukuluyo $100,000. Chaka chotsatira yunivesite inachotsa mipando 45 kuti pakamwa pa mpitawo pakule. Mpita wachiwiri sanakumbe.

Masiku ena onse a chaka

Timuyi imasewera pakhomo kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu pa chaka, kuyambira kumapeto kwa August kapena mu September mpaka November. Masiku amenewo mzinda umatsekeka. Anthu amafika m'mamawa, amaimika galimoto pa bwalo la gofu la yunivesite ndi pa sukulu ya sekondale ya Pioneer tsidya lina la msewu, n'kuyamba kuwotcha nyama. Ophunzira amakhala pa ngodya ya kumpoto chakumadzulo, atavala zachikasu, ndipo ambiri sakhala pansi mpaka mpira utatha. Kwa zaka zoposa 80 masewero onse ankayamba masana. Magetsi okhazikika anaikidwa mu 2010, ndipo masewero oyamba a usiku anali pa 10 September 2011, pamene Michigan inagonjetsa Notre Dame 35–31 ndi chigoli cha m'masekondi omaliza. Matimu omwewa atakumananso usiku pa 7 September 2013 kunalowa anthu 115,109, khamu lalikulu kuposa onse m'mbiri ya bwaloli.

Masiku otsalawo chidzenjechi chimakhala duu, kupatulapo zochitika zapadera. Mwambo wopereka madigiri umachitikira momwemo. Pa mwambo wotere, pa 22 May 1964, Pulezidenti Lyndon Johnson anafotokoza ndondomeko yake yolimbana ndi umphawi ndi tsankho imene inatchedwa Great Society, ndipo Barack Obama analankhulapo mu 2010. M'nyengo yachisanu anayalapo ayezi kawiri pa masewero akuluakulu a hockey: mu December 2010 pakati pa Michigan ndi Michigan State, ndi pa 1 January 2014 pamene Toronto Maple Leafs ndi Detroit Red Wings zinasewera chipale chikugwa, anthu 105,491 akuonerera.

Okonda mpira wamiyendo kwathu kuno mwina analiona bwaloli pa kanema osadziwa. Pa 2 August 2014 Manchester United inagonjetsa Real Madrid 3–1 pa masewero okonzekera ligi, pamaso pa anthu 109,318, khamu limene linaposa lina lililonse loonera mpira wamiyendo m'dzikolo kufikira nthawiyo. Real Madrid inabweranso mu 2016 kudzakumana ndi Chelsea, ndipo mu 2018 Liverpool inathira Manchester United 4–1 pomwepo. Pa masewero oterewa amachita kuyala udzu weniweni pamwamba pa kapinga wopanga uja, ndipo chifukwa dzenjelo linakumbidwira mpira wa Amereka, ngodya za bwalo zimafika pafupi kwambiri ndi khoma la oonerera.

Zochitika zoterezi zikuchuluka, ndipo chifukwa chake ndi ndalama. Mpira wa Loweruka zowerengeka zija ndiwo umadyetsa pafupifupi masewero ena onse a pa yunivesite, kuyambira osambira mpaka othamanga, monga mmene komiti ya Day inafunira mu 1926. Kwa zaka pafupifupi 100 anyamata odzaza bwalolo sankalandira malipiro, kupatula maphunziro aulere, chakudya ndi pogona, pamene makochi ankalandira mamiliyoni. Zimenezi zasintha. Kuyambira 2021 wosewera wa pa koleji amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lake, ndipo chigamulo cha khoti cha mu 2025 chinalola sukulu iliyonse kugawira osewera ake ndalama zofika pafupifupi $20.5 miliyoni pa chaka. Ndalamazo ziyenera kuchokera penapake. Mu 2024 Michigan Stadium inayamba kugulitsa mowa kwa oonerera pa masewero a timuyi, boma la chigawocho litasintha lamulo, ndipo mu September 2025 munachitika konsati ya woimba Zach Bryan imene inalowetsa anthu oposa 112,000.